ZA NAMONDWE WOCOKERA KU NYANJA YA MCERE, NDI ZIMENE ASIYA M'MBUYO MWACE

Abale okondedwa a m'midzi ya Machinga ndi Balaka, dziko lathu silifika ku nyanja ya mcere, ndipo ambiri a ife tidzatsiriza moyo wathu osaiona nyanjayo ndi maso. Koma zimene zibadwira pa nyanjayo zatifika pakhomo kanai m'zaka zisanu zokha. Kunadza mvula ya Idai m'March 2019. Kunadza Ana m'January 2022, ndi Gombe m'March wa caka comweco. Ndipo m'March 2023 kunadza Freddy, woposa onsewo. Cifukwa cace tayesa kuti nkoyenera kufotokoza cinthu ici mwa dongosolo: kumene cicokera, umo cifikira kwa ife, ndi zimene banja liyenera kucita cisanadze ndi citapita. Pakuti namondwe apha kawiri. Apha m'masiku atatu kapena anai a mvula yace, naphanso mwakacetecete m'miyezi yotsata, anthu atayesa kuti zatha. Mvulayo sitikhoza kuiletsa iai. Koma zambiri za imfa ziwirizi ziri m'manja mwathu.

I. Kumene namondwe abadwira

Namondwe wotere sabadwira pamtunda. Abadwira pakati pa nyanja yaikuru m'miyezi yotentha, kuyambira November kufikira April, pamene madzi a pamwamba afunda kufikira madigiri 26 kapena 27. Monga nthunzi ituruka mu mphika uli pamoto, momwemo nthunzi yocuruka ikwera kucokera m'madzi ofundawo. Ndipo ikafika kumwamba kozizira isanduka mitambo, nisiya kutentha kwace mu mpweya, kotero kuti mpweyawo ukwera msanga koposa kale. Pamenepo mphepo za mbali zonse zithamangira kudzaza malo amene mpweya wacokapo. Koma popeza dziko lapansi lizungulira, mphepozo siziyenda molunjika, zipota monga kabvumvulu wa m'cirimwe amene anyamula mapesi m'munda. Kusiyana kwace nkwakuti kabvumvulu wathu atha tisanamalize kumloza, koma uyu kukula kwace ndi makilomita mazana, ndipo akhala masiku ambiri.

Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, kuciyambi kwa February 2023, naoloka nyanja yonse ya India. Anakantha Madagascar pa 21 February, nalowa m'Mozambique kufupi ndi Vilankulo pa 24 February. Ndipo anthu atayesa kuti wafa, anabwerera ku nyanja, natenganso mphamvu m'madzi ofunda, nakwera pamtunda kaciwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 March. Bungwe la maiko onse loona za nyengo linawerenga masiku ace kuti anali 36. Palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku ao amene anakhala nthawi yotalika cotere.

Ndipo tisadzinyenge kuti izi zinali za kamodzi. Utsi wa malasha ndi mafuta, umene maiko a mafakitale akhala alikuturutsa zaka zoposa 100, wafunditsa mpweya ndi nyanja. Ndipo mpweya wofunda usenza madzi ambiri koposa wozizira. Anthu ophunzira amene anafufuza mvula ya Ana ndi ya anamondwe ena a 2022 anapeza kuti kufunda kumeneku kunaikulitsa. Motero wanzeru amanga nyumba yace akudziwa kuti wina adzabweranso.

II. Umo afikira kwa ife

Cakudya ca namondwe ndico madzi ofunda a m'nyanja. Akakwera pamtunda ayamba kufa ndi njala, ndipo mphepo yace icepa; cifukwa cace anthu a ku Beira ndi a ku Quelimane ndiwo alawa ukali wonse wa mphepo ndi mafunde. Koma madzi amene wasenza sangabwerere nao, ayenera kuwatula. Kucokera ku Quelimane kufika ku mapiri athu ndi makilomita ngati 300 okha, ndipo mitambo ikagunda Mulanje, Zomba, Malosa ndi Chikala, ikhuthula katundu wace yense pomwepo. M'masiku anai a Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000, ndiko kunena madzi ofika m'ciuno mwa munthu wamkuru pa malo ali onse. M'zaka zambiri Balaka salandira mvula yotere m'dzinja lonse lathunthu. Phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe m'Blantyre. Pa 13 March Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza kuti cigawo ca kumwera ciri pa ngozi. Ndipo powerenga pambuyo pace, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndi oposa 650,000 anacoka m'nyumba zao.

Tsono m'maboma athu awiri madzi atipeza m'njira zitatu, ndipo ali yense adziwe njira yace. Okhala m'tsinde mwa mapiri, monga Chikala, Chaone ndi Malosa, aope madzi othamanga amene atsika ndi miyala ndi mitengo, osapatsa munthu nthawi yakumanga katundu. Okhala m'mbali mwa Shire ku Liwonde, ndi m'mbali mwa Rivirivi ku Utale, aope mtsinje umene udzala ngakhale kwao kusanagwe mvula yambiri, pakuti madziwo acokera kumtunda. Ndipo a ku Balaka, amene azolowera kulira cilala pakati pa milambe yao, ndiwo acedwa kukhulupirira zimenezi. Okhala m'zigwa za Chilwa ndi Chiuta, kwa Mposa, kwa Kawinga, kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo, aope madzi okwera pang'onopang'ono. Pakuti nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturutsa madzi ace, ndipo zonse zimene mitsinje ithira m'menemo zifalikira pa madambo ndi m'minda ya mpunga, nizikhalapo miyezi.

III. Za Napolo, ndi za kuweruza anzathu

Makolo athu anali nalo dzina la cinthu ici. Pamene phiri la Zomba linakhuthula madzi ndi miyala pa mudzi wa Zomba m'December 1946, anthu anati wapita Napolo, cinjoka cokhala pansi pa phiri, cimene cituruka ulendo wa kunyanja. Ndipo ananenanso comweco pamene phiri la Michesi linagumukira pa Phalombe m'March 1991, niliononga anthu mazana. Lero tidziwa kuti m'phiri mulibe njoka yotere. Dothi la pa phiri liri ngati ufa pa thanthwe lopendekeka. Likamwa madzi masiku ambiri lilemera, niliterereka, nilitsika ndi zonse ziri pamwamba pace. Koma tisaseke makolo msanga, pakuti m'mau aowo munali nzeru: anazindikira kuti Napolo ali ndi njira zace zimene abwerezamo, ndipo sanamanga m'njirazo. Ndiwo omwe anatisiyira mwambi wakuti madzi saiwala khwawa. Ife tacotsa njoka m'nkhaniyo, ndipo tacita bwino. Koma ena ataya cenjezo pamodzi ndi njokayo, namanga pakati peni peni pa khwawa louma.

Palinso mau ena amene amveka m'misasa ndi pa maliro, akuti iwo amene anakokoloka analangidwa cifukwa ca zoipa zao. Mau awa tiwakana. Ambuye wathu, pokamba za anthu 18 aja amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana kuti iwowo anali ocimwa koposa anansi ao. Madzi a Freddy analowa m'nyumba ya mkuru wa mpingo ndi ya woledzera, ya Mkristu ndi ya Msilamu, osafunsa dzina. Cimene anafunsa ndi ici cokha, kuti nyumbayo yaima pati, ndipo yamangidwa ndi ciani. Ndipo pasapezeke pakati pa ife woloza cala nkhalamba ya m'mudzi, kuti ndiyo inaitana mvula ndi mankhwala; namondwe wobadwira kufupi ndi Australia sanatumidwe ndi gogo wa ku Ntaja.

IV. Mvula isanadze, ndi pamene irikugwa

Mwai umene makolo analibe ndi uwu, kuti namondwe aoneka akali kutali pa nyanja, ndipo a Boma oyang'anira za nyengo acenjeza pa wailesi ndi pa lamya masiku angapo asanafike. Anatero ndi Freddy yemwe. Koma cenjezo lipulumutsa yekhayo amene anyamuka. Ambiri akhala cifukwa ca mbuzi, ndi nkhokwe, ndi kuopa akuba. Ndipo ife sitipeputsa mantha amenewa, pakuti mbuzi ndiyo cuma ca wosauka. Cifukwa cace nkhani iyi ipanganidwe kale, kunja kuli ngwee, pa bwalo la mfumu pamodzi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi: kuti tidzathawira kuti, kaya ku sukulu, kaya ku chalichi kapena ku mzikiti wa pamtunda, tidzadzera njira iti yosaoloka mtsinje, ziweto zidzatsogozedwa ndi yani, ndipo ndani adzanyamula nkhalamba yakuti, wopuwala wakuti, ndi mai wapakati wakuti. Maina ao achulidwe, pakuti nchito ya anthu onse ikhala ya palibe munthu pakati pa usiku.

M'nyumba iri yonse mukhale cigubu kapena ndowa ya cibvundikiro, ndipo m'menemo muikidwe ziphaso, mabuku a kucipatala, mankhwala a iwo akumwa tsiku ndi tsiku, macesi, toci, ndi mbeu pang'ono za cimanga ndi nyemba. Kunja kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi kucokera ku khoma, ndi denga limangidwe ku khoma ndi waya.

Mvula ikagwa usana ndi usiku osakata, musagone tulo tonse m'nyumba ya zidina kapena ya mdindo. Pakuti khoma lotere limwa madzi kuyambira pansi, nilifewa, niligwera mkati pa anthu ogona. Mukaona mng'alu watsopano pa khoma, kapena citseko cikana kutsekeka, turukani. Inu a m'tsinde mwa phiri, mukaona nthaka yang'ambika, mitengo yapendekeka, kasupe watumphuka pamene panalibe, kapena mtsinje waphwa dzidzidzi mvula irikugwabe, thawani. Ndipo mukamva mkokomo ngati wa sitima, musathamangire kunsi m'njira ya madziwo, koma cam'mbali, kukwera pa mtunda. Musaoloke madzi othamanga, angakhale a m'maondo. Agwetsa mwamuna wamphamvu, ndipo pansi pace mlatho ukhoza kukhala utapita kale. Ndipo inu a ku Shire mukumbuke kuti mtsinje ukasefukira ng'ona zisefukira nao.

V. Imfa yaciwiri: madzi akumwa

Dzuwa likaturuka anthu ayamika, nayesa kuti apulumuka. Koma apa ndipo payambira imfa yaciwiri. Cigumula cigwetsa zimbudzi, nicitenga zonyansa zace, nicizithira m'zitsime ndi m'mijigo imene. Ndipo madziwo akadikha aoneka oyera, koma muli tizirombo tosaoneka ndi maso. Ife a kuno sitisowa mboni ya kutali. Mliri wa kolera woposa yonse imene dziko la Malawi linaiona unayambira m'boma lathu lino la Machinga m'March 2022, masabata ocepa citapita cigumula ca Ana. Unafalikira m'maboma onse, ndipo Freddy anaupeza ukalipo. Anthu oposa 58,000 anadwala, ndi oposa 1,700 anafa. Ndiko kunena kuti madzi a m'cikho anapha anthu ambiri koposa madzi a m'phiri.

Cifukwa cace citapita cigumula madzi onse akumwa awiritsidwe kufikira abwadamuke, kapena athiridwe klorini monga alangizi a zaumoyo aonetsa, nasungidwe m'cotengera ca kukamwa kocepa, cosalowa dzanja. Cimbudzi cikumbidwe tsiku loyamba lomwe, cingakhale ca msanga, kutali ndi citsime ndi kunsi kwace. Manja asambidwe ndi sopo, ndipo posowa sopo, ndi phulusa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okha okha onga otsukira mpunga, musadikire kuti kuce, pakuti kolera aumitsa thupi m'maora ocepa. Mpatseni Thanzi, ndipo ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, muikemo masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mcere, amwe kosalekeza muli pa ulendo wa kucipatala. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa. Ndiponso m'zithaphwi zotsalira muswana udzudzu, ndipo malungo acuruka patapita masabata ocepa. Cifukwa cace masikito apacikidwe ngakhale mu msasa, ndipo asapite ku Chilwa kukagwira matemba.

VI. Za munda ndi njala

Freddy anadza m'March, cimanga ciri pafupi kuca, nchito yonse ya dzinja itagwiridwa kale. Ndipo caka cotsata, 2024, kunadza cilala, kotero kuti Boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Banja limene linadikira thumba la thandizo lokha linagona ndi njala kawiri. Koma cigumula, cingakhale cilanda zambiri, cisiya zinthu ziwiri: cinyontho ndi dothi la conde. Madzi akangophwa m'dimba, bzalani msanga zofulumira kuca: mbatata, imene ikumbidwa patapita miyezi itatu kapena inai, ndipo masamba ace ndi ndiwo kale isanakhwime, nyemba, maungu, ndi cimanga ca masiku ocepa. Amene mbatata yace inatsala pamtunda agawire anansi ace zibzalo zace, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Cimanga cimene cinanyowa ciyanikidwe kufikira ciume gwa. Ndipo cimene cacita cuku citayidwe, cisapite ku cigayo kapena kwa nkhuku, pakuti m'cukumo muli ululu woononga ciwindi, umene sutha ndi kuphika. Cenjerani naonso iwo amene afika m'mudzi masiku otere ndi ndarama m'thumba, kugula mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ndi kukongoza katapila. Ndipo coipa coposa zonse ndi ici: kuti kholo licotse mwana wamkazi pa sukulu ndi kumkwatitsa, kuti pacepe pakamwa pamodzi m'nyumba. Njala ya caka cimodzi itha; koma mwanayo wamlanda zaka zace zonse, ndipo lamulo la dziko liletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18.

VII. Za thandizo, ndi za olira

Thandizo lidza kudzera ku nthambi ya Boma yoona za ngozi, imene aicha DoDMA, ndi ku Red Cross, ndi ku mipingo ndi mabungwe ena. Koma iwo sadziwa nyumba zathu, ndipo adalira maina amene ife tilemba. Apa ndipo mudzi uyesedwa. Wolemba maina akayamba ndi acibale ace, nalumpha mai wamasiye amene alibe womlankhulira, waba nsima m'mbale ya mwana wanjala. Ndipo wofuna thupi la mkazi kuti amlembe dzina acita conyansa cimene ciyenera kukanenedwa ku polisi. Mainawo awerengedwe mokweza pa bwalo, anthu onse akumva. Ndipo asafunsidwe munthu kumene apemphera, pakuti madzi sanamfunse.

Alipo ena pakati pa ife amene njala yao siri ya m'mimba. Pali amai amene sanaone mtembo wa mwana wao, ndipo alibe manda akuti alozepo. Pali ana amene anjenjemera mtambo ukada, nabvutika kugona mvula ikagunda pa malata. Awa tisawauze kuti aiwale, kapena kuti kulira kwao ndiko kucepa kwa cikhulupiriro. Tikhale nao, tiwalole anene nkhani yao kawiri ndi katatu, tiwalimire m'munda. Ndipo tiwayendere makamaka pamene mahema apasulidwa ndi magalimoto a thandizo aleka kubwera, pakuti pamenepo ndipo cisoni cikula.

VIII. Za kumanganso

Potsiriza pafika tsiku lakuumba njerwa, ndipo funso loyamba si lakuti tidzamanga ndi ciani, koma lakuti tidzamanga pati. Kubwerera pa bwinja lomwelo nkokoma ku mtima, pakuti pali manda a makolo ndi mitengo ya mango imene tinabzala. Koma ngati madzi anapitapo, adzapitaponso. Mafumu amene ali ndi malo a pamtunda awatsegulire anthu ao, kuti munthu alime ku dimba, nagone kumtunda. Maziko akwezedwe ndi miyala kapena njerwa zoocha kufikira m'maondo, ngakhale khoma la pamwamba likhale la zidina. Khonde likhale lotambalala kuti mvula isamenye khoma. Ndipo phaso limangidwe kolimba. Wosauka sangathe izi yekha; koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja khumi akhoza kumanga nyumba khumi mosinthana.

Tiyang'anenso ku mapiri athu. Woyenda pa mseu wa ku Zomba kufika ku Liwonde aona matumba a makala atandandalika m'mbali mwace, ndipo akakweza maso aona kumene acokera. Sitinena kuti mitengo ikadaletsa mvula ya Freddy. Mvula yotere igumula ngakhale nkhalango. Koma mizu igwira dothi, ndi masamba acedwetsa madzi kuti alowe pansi. Ndipo phiri lometedwa litumiza madzi ace onse ku mudzi nthawi imodzi, pamodzi ndi mcenga umene ukwirira mitsinje, kuti isefukire ndi mvula yocepa. Sitiiwala kuti wooca makala acita ici cifukwa ca njala ya ana ace. Cifukwa cace mudzi umene umletsa umthandizenso kupeza pogwira pena. Zitsa zimene ziphuka zisiyidwe zikule; m'mbali mwa mitsinje mubzalidwe nsungwi, bango ndi mikuyu, ndipo khasu lisafike pa gombe peni peni.

Abale, November adzafikanso, ndipo nyanja ya kutaliyo idzafundanso monga mwa nyengo yace. Tisadikire kumva dzina latsopano pa wailesi. Mwezi uno, kunja kukali kouma, mudzi uli wonse ukhale pansi pa bwalo, usankhe pothawira pace, ulembe maina a ofooka ace ndi a iwo amene adzawanyamula. Ndipo Mulungu wa cifundo atipatse mtima wakumva cenjezo, ndi manja akugwira mnansi wathu.